Ndinyamule chiyani pokakhala ku hositelo ya yunivesite ku Joni? Mafunso ndi mayankho

Januwale akamapita kumapeto foni yanga siipuma. Makolo a ku Lilongwe, Zomba, Mzuzu ndi kwina amafunsa za ana awo amene apeza malo ku Wits kapena ku University of Johannesburg, ndipo ana eniakewo amalemba usiku ali pakati pa katundu wambwee pabedi. Ndakhala kuno zaka zingapo, ndinayambira m'hositelo, imene ophunzira kuno amangoitcha res, ndipo ndachingamirapo achimwene ndi achemwali ambiri pa Park Station, siteshoni yaikulu ya mabasi kuno ku Johannesburg. Mafunso amene ali m'munsimu ndi omwe amabwerabwera chaka ndi chaka.

Kodi ndinyamule zonse kuchokera kumudzi kapena ndikagule komweko?

Nyamulani zimene simungazipeze kuno, zolemera mudzagule mukafika. Yankho lake ndi lomweli, koma ndimalibwereza chifukwa makolo ambiri amaopa kuti mwana akavutika kuchilendo, choncho amamusenzetsa mapoto, ndowa, mabulangeti atatu ndi thumba la ufa. Mwanayo amafika atatheratu, walipira ndalama zambiri za katundu, kenako n'kupeza kuti chipinda chake n'chaching'ono moti masutikesi awiri akusowa pokhala.

Johannesburg ndi mzinda wa masitolo. PEP, Ackermans, Mr Price Home, Shoprite, Checkers ndi Pick n Pay ali paliponse. Wokhala ku Auckland Park ali ndi Campus Square pafupi, wokhala ku Braamfontein amangoyenda pansi, ndipo ku Fordsburg kuli Oriental Plaza kumene nsalu, makatani ndi ziwiya mumachita kunenerera mtengo ngati kumsika wa kwathu. Chimene sitolo iliyonse ilibe ndi mapepala anu, mankhwala amene dokotala wanu anakulemberani, mthiko umene dzanja lanu linauzolowera, ndi kakomedwe ka ndiwo za kwanu. Sutikesi ikhale ya zimenezo.

Ndi mapepala ati amene sindiyenera kuwaiwala?

Apa ndiye pofunika kudekha, chifukwa bulangeti mungagule tsiku lomwelo koma pepala losiyidwa ku Area 25 lingakuchedwetseni kulembetsa kwa masabata.

Choyamba ndi pasipoti yokhala ndi viza ya maphunziro. Viza imeneyi imatengedwa ku Malawi musananyamuke, ndipo imalembedwa dzina la yunivesite imene yakulandirani. Musabwere ngati mlendo wongocheza n'kumaganiza kuti mudzasinthira kuno. Chachiwiri ndi kalata yokulandirani pa sukulu, pamodzi ndi kalata ina yosonyeza kuti mwapatsidwa chipinda. Chachitatu ndi umboni wa medical aid. Lamulo la kuno limafuna kuti wophunzira wochokera kunja akhale pa bungwe la zachipatala lolembetsedwa ku South Africa komweko, choncho inshulansi ya kumudzi, ngakhale ikhale yabwino bwanji, siilowa m'malo mwake. Ofesi ya ophunzira ochokera kunja imafuna kuona umboniwu isanakuloleni kulembetsa.

Onjezani masatifiketi anu enieni a sukulu, kalata ya amene akukulipirirani ngati alipo, malisiti a ndalama zimene mwalipira kale, ndi zithunzi zingapo za pasipoti. Amene akubwera kudzachita digiri yachiwiri asaiwale pepala la SAQA loyerekeza maphunziro awo ndi a kuno.

Pepala lililonse lijambuleni kawiri kapena katatu, lijambuleninso pa foni n'kudzitumizira pa imelo, ndipo makope ena asiyeni kwa makolo. Mukafika mungapite ku polisi ndi pepala lenileni pamodzi ndi kope lake, amakudindirani kwaulere. Kope lodindidwalo ndi limene muziyenda nalo m'tauni, pasipoti yeniyeni izikhala potsekedwa pokhapokha pamene ikufunikadi.

Mapepala onsewa akhale m'kachikwama ka m'manja, osati m'sutikesi yapansi pa basi. Mchimwene wina amene ndinamuchingamira chaka china anaika kalata ya sukulu m'sutikesi yaikulu imene inali kunsi kwenikweni kwa ngolo. Pachipata china anamufunsa kalatayo pakati pa usiku, ndipo anthu anachita kutsitsa katundu wa basi yonse kuti aipeze. Anafika kuno maso ali psuu, akunjenjemerabe.

Amati ku Joni kumazizira. Kodi n'zoona, nanga ndinyamule zovala zotani?

N'zoona, ndipo kuzizira kwake kumadzidzimutsa chifukwa mumafika nthawi yotentha. Sukulu imatsegulira mu Febuluwale, dzuwa likuswa mtengo, mvula ikugwa masana ndi mabingu, nthawi zina ndi matalala. Munthu amaona ngati ali kwawo. Koma mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, pamwamba kuposa Dedza, ndipo Meyi akangolowa mphepo imasintha. Mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira mpaka kufika pafupi ndi madigiri 0, m'mawa udzu uli mbuu ndi chisanu. Pa 10 Julayi 2023 kunagwa ngakhale chipale chofewa, ophunzira akutuluka m'makalasi kukajambula. Nyumba zambiri za kuno sizinamangidwe mosunga kutentha, choncho nthawi zina m'chipinda mumazizira kuposa panja pamene pali dzuwa.

Agogo athu amene ankabwera kumigodi pa nthawi ya Theba ankabwerera kumudzi ndi chijasi chachikulu ndi mabulangeti olemera, ife tili ana n'kumadabwa kuti zimenezi n'zantchito yanji. Chaka changa choyamba kuno ndinamvetsa.

Ngati muli kale ndi jekete yochindikala kapena mungaipeze yabwino pa kaunjika, bwerani nayo, chifukwa jekete yabwino kuno ndi yodula. Juzi ziwiri, chipewa cha ubweya, sikafu, masokosi ochindikala ndi thalauza lofunda logonera ndi zokwanira poyambira. Zina mudzawonjezera mu Epulo masitolo akayamba kutulutsa zovala za nyengo yozizira. Pa miyezi yoyambayo mukufunika zovala zopepuka, ambulera yolimba ndi nsapato zosalowa madzi msanga, popeza mvula ya kuno imabwera mwadzidzidzi cha m'ma 3 koloko masana pamene mukutuluka m'kalasi.

Mpweya wa nyengo yozizira ndi wouma kwambiri. Milomo imang'ambika, khungu limatuwa, ena mpaka kamfuno. Botolo la Vaseline ndi mafuta odzola zisakusoweni.

Musaiwale chovala chimodzi chaulemu cha ku tchalitchi, ku mzikiti kapena tsiku lokafotokoza ntchito yanu pamaso pa aphunzitsi. Achemwali, zitenje ziwiri kapena zitatu sizilemera, ndipo kuno mudzazigwiritsa ntchito kuposa mmene mukuganizira: pophika, pochokera kubafa, potchinga zenera limene lilibe katani, ndi pa 6 Julayi Amalawi akakumana.

Nanga zogonera?

Pafupifupi hositelo iliyonse imapereka bedi, matiresi, tebulo, mpando ndi kabati. Zofunda ndi zanu. Funsani kukula kwa bedi musanagule nsalu zoyala, chifukwa kuno bedi la munthu mmodzi limakhala la masentimita 91 m'lifupi, koma malo ena amaika lokulirapo la masentimita 107. Kuchokera kumudzi tengani nsalu zoyala ziwiri, thaulo ndi kabulangeti kamodzi kopepuka kamene mudzafundanso m'basi. Pilo, duveti ndi bulangeti lalikulu mudzagule kuno. Gulaninso nsalu yokutira matiresi, chifukwa pamatiresi amenewo pagona anthu ambiri inu musanabwere.

Kodi mapulagi a kwathu amalowa m'masoketi a kumeneko?

Salowa. Mphamvu ya magetsi ndi yofanana, mavoti 230, choncho chipangizo chanu sichingapse, koma mabowo ndi osiyana. Kwathu pulagi ili ndi mano atatu aphwatalala. Kuno soketi yofala ili ndi mabowo atatu akuluakulu ozungulira, ndipo nyumba zatsopano zili ndi mtundu winanso wa mabowo ang'onoang'ono.

Ine ndinafika Lamlungu madzulo foni itatha moto panjira. Tchaja chinali m'manja, soketi ili pakhoma, koma sizinkagwirizana, ndipo masitolo anali atatseka. Mayi anga anachezera usiku wonse osadziwa ngati ndafika, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mawu awo m'mawa mwake mtima umandiwawa. Choncho pezani adapter imodzi musananyamuke, kapena pemphani amene akudzakuchingamirani kuti abwere nayo. Njira yosavuta ndi kunyamula ekisitenshoni ya kwathu ya mabowo anayi, kenako n'kugula adapter imodzi yokha yolumikizira kukhoma. Zipangizo zanu zonse zidzalowa pamenepo. Koma pa ekisitenshoni yoteroyo musamalumikizepo ketulo kapena ayironi, ndi ya foni, laputopu ndi nyale basi.

Kodi ndidzaphika ndekha? Ndinyamule ziwiya?

Zimatengera hositelo imene mwapatsidwa, ndipo kalata yanu imanena. Ena amadyera ku holo, chakudya chimalipiridwa pamodzi ndi chipinda. Ena amadziphikira m'khitchini yogawana ndi anzawo. Werengani kalatayo bwino, ndipo ngati simukumvetsa lembani imelo kufunsa. Safunsa anadya phula.

Ngati mukudyera ku holo, mbale imodzi, kapu, supuni, foloko ndi kabokosi kosungira chakudya ndi zokwana. Ngati mukudziphikira, mapoto awiri, chiwaya, mpeni, mbale ndi kansalu kopukutira mudzagule kuno. Funsaninso ngati m'khitchini muli firiji, chifukwa malo ena aliyense amabwera ndi kafiriji kake, ndipo ophunzira omaliza sukulu amagulitsa tawo motsika mtengo kumapeto kwa chaka.

Koma mthiko ndi chipande, zimenezo nyamulani. Ufa kuno ulipo wambiri, wa Iwisa, Ace, White Star ndi ina, ndipo anzathu a kuno amaphika nsima yawo imene amaitcha pap. Kaphikidwe kake n'kosiyana ndi kathu, ndipo masupuni amtengo a m'sitolo ndi opyapyala, amathyoka nsima ikangolimba. Chipande choomolera simudzachipeza m'sitolo wamba. Ndaonapo mnyamata akuomola nsima ndi sosala yonyowetsa, mitanda yake yosaoneka bwino, iye n'kumadandaula kuti chikhala anamvera mayi ake. Ufa wa kuno ndi woyera ndi wosalala kwambiri, umakhuthala msanga, choncho masiku oyamba thirani pang'onopang'ono mpaka dzanja lizolowere. Wokonda mgaiwa afunefune ufa umene amalemba kuti ndi wa braai pap, ndi wokhakhala pang'ono.

M'khitchini yogawana ziwiya zimayenda. Lembani dzina lanu kunsi kwa poto, ndipo mukatha kudya tsukani n'kubwerera nazo kuchipinda. Izi zimasunganso chibale, chifukwa mikangano yambiri ya m'hositelo imayambira pa sinki.

Kodi ndingabwere ndi usipa, mpunga wa Kilombero ndi zina za kwathu?

Pang'ono pokha, ndipo mosamala. Malamulo a pachipata cha South Africa amaletsa kulowetsa nyama, mkaka, zipatso zaziwisi, mbewu ndi zomera popanda chilolezo, ndipo chakudya chilichonse chimene mwanyamula muyenera kuchinena mukafunsidwa. Zinthu zotsekedwa kufakitale monga tiyi wa Chombe, tsabola wa Nali ndi botolo la Sobo sizikhala ndi mavuto ambiri. Za nsomba zouma ndi nsinjiro, funsani a basi kapena a ndege sabata yomwe mukunyamukayo, ndipo musanyamule zochuluka ngati za malonda. Mukalandidwa musakangane nawo.

Musadere nkhawa kwambiri. Amalawi kuno ndi ambiri, ndipo mabasi amabweretsa za kwathu sabata iliyonse. Ku msika wa ku Yeoville kumapezeka zakudya za m'mayiko ambiri a mu Africa, nsomba zouma, chinangwa ndi masamba amene simungawaone ku Checkers. Pitani masana ndi mnzanu wodziwa malowo.

Mawu amodzi okhudza usipa: ukulungeni kawiri, muusunge m'chidebe chotseka bwino, ndipo pokazinga tsegulani zenera. Fungo limene kwa ife ndi la kwathu, kwa mnzanu wa ku Limpopo kapena ku Durban ndi lachilendo. Mupatseniko alawe. Ambiri amene ndinawapatsa anabweranso ndi mbale.

Kodi neti ya udzudzu ndi yofunika?

Ayi, ku Johannesburg kulibe malungo, neti isiyeni. Koma pali chinthu chimodzi chimene ndikupempha kholo lililonse kuti limuuze mwana wake momveka. Mungalumidwe ndi udzudzu kumudzi kapena panjira ku Tete, n'kudzayamba kudwala patatha sabata imodzi, ziwiri kapena kuposerapo muli kale kuno. Chifukwa malungo si ofala mumzinda uno, wachipatala angaganize kuti ndi chimfine. Mnzanga wina anapatsidwa mankhwala a chimfine pa kachipatala kena, ndipo pofika tsiku lachitatu sankathanso kuimirira. Mukamva kutentha thupi, mutu, kuphwanya m'thupi kapena kuzizidwa, pitani ku chipatala cha pa sukulu tsiku lomwelo, nenani kuti mwachokera ku Malawi ndipo pemphani kuti akuyezeni malungo. Chitaninso chimodzimodzi nthawi iliyonse mukabwerera kuchokera ku tchuthi.

Amene mumamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, kaya a mphumu, a shuga, a khunyu kapena ma ARV, bwerani ndi okwana miyezi ingapo ali m'mapaketi awo, pamodzi ndi kalata ya dokotala. Mukafika musadikire kuti athe, kadziwitseni a chipatala cha pa sukulu sabata yoyamba. Ovala magalasi abwere ndi pepala la muyezo wa maso awo.

Magetsi ndi madzi amavutanso ngati kwathu?

Nthawi zina. Kuzima kwa magetsi mosinthana, kumene kuno amati load shedding, kunafika poipa mu 2023, ndipo ngakhale zinthu zinasinthako, mawaya akabedwa kapena thiransifoma ikapsa dera lonse limakhala mumdima. Masukulu ali ndi majenereta koma si nyumba zonse zogona zimene zili nawo, makamaka za anthu wamba. Nyale yotchaja, tochi ndi power bank zikhalepo. Makandulo ndi oletsedwa pafupifupi m'hositelo iliyonse.

Madzi a pampopi ndi abwino kumwa, koma madera ena amakhala tsiku kapena masiku angapo osatuluka mapaipi akamakonzedwa. Mukafika gulani ndowa ndi zigubu ziwiri za malita 5, muzisunga zodzaza. Ndowayo mudzachapiramonso.

Hita ndingabwere nayo?

Musanyamule. Mahositelo ambiri amaletsa hita za mawaya ofiira ndi mbaula zamagetsi m'zipinda chifukwa cha ngozi ya moto, ndipo akazipeza amalanda kapena kulipiritsa. Botolo la labala lothiramo madzi otentha ndi lotsika mtengo ndipo limafunditsa bedi usiku wonse. Amene mudzakhale m'nyumba za lendi kunja kwa sukulu, chonde musalowetse mbaula ya makala m'chipinda chotseka. Utsi wake sununkha, ndipo nyengo yozizira iliyonse kuno umapha anthu ali m'tulo.

Laputopu ndi foni?

Laputopu ndi yofunika kuyambira sabata yoyamba, chifukwa manotsi, ntchito ndi mayeso ena zimadutsa pa intaneti. Ngati muli nayo bwerani nayo, lembani nambala yake yapansi penapake. Pa sukulu ndi m'mahositelo ake muli Wi-Fi.

Foni ikhale yolandira SIM iliyonse. SIM ya kuno, kaya ya Vodacom, MTN, Telkom kapena Cell C, imalembetsedwa potsatira lamulo la RICA, ndipo amafuna pasipoti ndi umboni wa kumene mukukhala. Kalata yochokera ku ofesi ya hositelo imagwira ntchito imeneyi, ndipo ku banki adzaifunanso potsegula akaunti, choncho ipempheni tsiku loyamba. SIM ya Airtel kapena TNM musaitaye, chifukwa mauthenga a banki ya kumudzi amapita pa nambala imeneyo. Funsani za roaming musanachoke.

Za chitetezo, pali choti ndinyamule?

Maloko awiri olimba, lina la kabati lina la sutikesi, ndi kachikwama kobisa mkati mwa zovala paulendo. Zotsalazo ndi makhalidwe: kukhoma chitseko ngakhale mukungopita kubafa, kusayenda foni ili m'manja mumsewu, kukwera basi ya sukulu pochokera ku laibulale usiku m'malo moyenda pansi. Sungani manambala awa mufoni ndi papepala: 10111 ya polisi, 10177 ya ambulansi, 112 pa foni ya m'manja, ndi ya achitetezo a pa sukulu. Dziwaninso kuti dziko lathu lili ndi ofesi ya kazembe ku Pretoria ndi ina kuno ku Johannesburg.

Amene simunapeze malo m'hositelo ya sukulu, musatumize dipoziti kwa munthu amene mwangomuona pa Facebook. Mayunivesite amatulutsa mndandanda wa nyumba zimene anazivomereza. Yambirani pamenepo, kapena tumani Mmalawi mnzanu akaone chipindacho ndi maso.

Ndalama ndinyamule zingati m'thumba?

Zokwanira masabata awiri oyamba: zogonera, ziwiya, chakudya, mayendedwe ndi mayunitsi. Zikhale ma rand, chifukwa kwacha simungasinthe mosavuta kuno. Ndalama zakunja zimavuta kupeza m'mabanki a kwathu, choncho yambani kupempha msanga mutatenga kalata ya sukulu, osadikira sabata yomaliza. Musaike zonse malo amodzi. Ndipo makolo, mwezi wa Meyi muukumbukire pa bajeti yanu, ndi pamene mwana adzafune bulangeti lachiwiri ndi nsapato zofunda.

M'kachikwama ka m'manja muzikhala chiyani paulendo?

Pa ndege kuchokera ku Kamuzu International Airport kapena ku Chileka kufika ku bwalo la ndege la OR Tambo ndi maola pafupifupi awiri ndi theka chabe, koma kulemera kwa katundu amakuonetsetsa, choncho yezani sutikesi kunyumba. Pa basi ndi nkhani ina. Mumadutsa Mwanza kapena Dedza, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kudutsa Harare mpaka Beitbridge, ndipo ulendowu umatenga tsiku ndi theka kapena kuposa, malinga ndi mzere wa pachipata.

M'kachikwamamo muikemo mapepala onse, cholembera, mankhwala, foni, tchaja, power bank, laputopu, mswachi, kathaulo, tishu, zovala zosinthira za tsiku limodzi, juzi, madzi ndi kamba wosaonongeka msanga. Lembani papepala adiresi ya hositelo ndi nambala ya amene akukuchingamirani. Mukatsika pa Park Station musapereke katundu kwa aliyense amene akudzipereka kukunyamulirani, khalani mkati mpaka wanuyo afike.

Ndikalowa m'chipinda, choyamba n'chiyani?

Musanamasule sutikesi, jambulani chipinda chonse: khoma, matiresi mbali zonse ziwiri, zenera, chitseko cha kabati, soketi. Chilichonse chothyoka kapena chothimbirira chilembeni pa fomu imene adzakupatseni, chifukwa kumapeto kwa chaka amalipiritsa zowonongeka kwa amene anagonamo komaliza. Funsaninso ngati pa tchuthi cha pakati pa chaka mumayenera kutulutsa katundu, popeza mahositelo ena amatero, ndipo muyenera kudziwiratu kosungitsa. Mukatero imbirani kunyumba, yalani bedi, ndipo kagogodeni pachitseko choyandikana nanu mukapereke moni. Sawubona kapena Dumela akukwanira poyambira, ndipo mnzanuyo ndi amene mawa lake adzakulozereni kokwerera basi ya sukulu ndi sitolo ya mapilo otsika mtengo.